Tsiku Limene Ndinagwadira Woweruza Abulu

Kwathu ku Dedza bulu ndi wa ngolo. Amam'manga m'mawa, kukoka matumba a mbatata kupita nawo kumsika, ndipo akayamba ulesi chikwapu chimam'kumbutsa. Munthu wopesa bulu sindinamuonepo. Ndiye nditafika pafamu ina yaing'ono kumpoto kwa mzinda wa Oshawa, kuno kutsidya kwa nyanja, chapakati pa zaka za m'ma 1970, n'kuona tiabulu tolekeza m'chiuno mwanga, tonenepa, tosalala, titandanda pampanda kundiyang'ana, ndinaseka mpaka misozi. Ndinafunsa amuna anga, amene anandiperekeza pagalimoto, kuti timeneti tikadzakula tidzakoka chiyani. Iwo anati ndisawafunse za ziweto, anabwera kuno kudzaphunzira za makina.

Sindinapite kumeneko chifukwa cha abulu. Ndinkagwira ntchito yosamalira odwala m'makomo, ndipo ananditumiza kwa mayi wina wachizungu, wachikulire, wamasiye, amene anaterereka pamadzi oundana n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Amuna anga ankawatchula kuti adona, ndipo dzinalo linakakamira. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaphikira, ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono m'nyumba. Koma tsiku loyamba lomwelo adona sanafune kumva za mankhwala. Anandiuza kuti ndikankhire mpando wawo wamatayala pawindo loyang'ana kukhola, ndipo ndi pomwepo pamene anandiuza kuti tiabuluto tinakula kale, mtundu wake ndi womwewo, ndipo sitikoka kanthu. Ankatiweta, kutibereketsa, n'kumapita nato ku zionetsero za alimi kukapikisana kukongola.

Mumtima ndinati azungu alibedi chochita. Pakamwa ndinangoti, "Chabwino, mayi."

Bambo wina woyandikana nawo ankabwera kudzathira udzu wouma ndi madzi, koma zopesa analibe nazo nthawi. Adona ankayang'ana ubweya ukupotana, matope akuuma m'miyendo, n'kumausa moyo kuposa mmene ankadandaulira chiuno chawo. Ine wodwala wodandaula sindimamupirira. Tsiku lina atagona masana ndinatenga bulashi n'kulowa m'khola, ndipo kuyambira pamenepo ndinali ndi ntchito ziwiri.

Anandiphunzitsa ali pawindo, nthawi zina pogogoda galasi ndi ndodo. Ndinaphunzira kunyamula mwendo n'kukolokosa miyala m'chiboda ndi kachitsulo kokhota. Ndinaphunzira kuti osawakhutitsa kwambiri, chifukwa mafuta akaunjikana pakhosi, khosilo limagwera mbali ndipo siliwongokanso. Chimene chinandivuta ndi kuleka kukalipa. Bulu akaima osafuna kuyenda, dzanja langa linkafunafuna kamtengo lokha. Adona ankati, "Musiyeni ayang'ane kaye. Sakukana, akuganiza." Ndinkaima pamenepo ngati chitsiru, kudikira bulu amalize kuganiza. Koma ankayendadi.

Mwa onsewo panali awiri amene sankasiyana: bulu wamkazi wotuwa, wodekha, ndi kamwana kake kakakazi kofiirira, kokhala ndi mzere wakuda wopingasa pamsana ngati mtanda. Kabuluko kanali kataleka kale kuyamwa koma kankadya pamene make akudya, kugona pamene make wagona. Ukatulutsa mmodzi yekha, winayo ankalira mpaka khola lonse kuyankha. Kabuluko ndinakakonda, sindibisa.

Tsono ine ndinakula ndi mayi osaseka pa za ulemu. Munthu wamkulu sumupatsa chinthu utaima, sumuyankha uli chilili. Popereka tiyi kwa adona ndinkagwada. Anandiletsa kangapo, kuti ine si wantchito wa mfumu, ndipo ine ndinkavomera, mawa lake maondo n'kupindikanso okha. Mapeto ake anatopa n'kundisiya. M'khola namonso ndinkakhala chogwada nthawi zambiri, poti nyamazo n'zazifupi. Kabulu kaja kanaphunzira kuti ndikangotsika pansi, ndiye kuti nthawi yake yakwana: kankabwera, kuika chibwano paphewa langa, kutsinzina, ine n'kumakakanda m'makutu. Adona ankaona zonsezi pawindo n'kumaseka.

Kutayamba kufunda, mwana wawo wamwamuna anabwera kuchokera ku Oakville. Anali munthu wabwino koma wotopa. Ananena mosapita m'mbali kuti mayi ake sangathenso kukhala okha, famu igulitsidwa, ndipo abulu onse akhale atachoka chisanu chisanabwerere. Adona sanalimbane naye. Abulu enawo anapeza eni ake mmodzimmodzi, koma awiri aja anawasunga. Anandiuza kuti chimene akupempha n'chimodzi chokha, kuti apite limodzi.

Panali bambo wina woweta abulu a mtundu womwewo amene adona ankamukhulupirira. Bamboyo ankafuna wotuwa uja, poti anali atabereka kale ana abwino. Za kamwanako anati malo ake ndi ochepa, sasunga bulu wongosangalatsa maso. Anati akaonera pachionetsero cha kumapeto kwa chaka. Kakadzaima bwino pamaso pa woweruza n'kukhala m'gulu la opambana, adzatenga onse awiri. Apo ayi, make yekha.

Adona sakanatha kulowa m'bwalo ndi ndodo. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbuyo kwanga ngati kuli munthu wina.

Chilimwe chonsecho tinaphunzira, ine ndi kabulu. Kuyenda limodzi phewa langa lili pafupi ndi mutu wake, chingwe chosakoka. Kuthamanga pang'ono n'kuima pamodzi. Chovuta kwambiri chinali kuima: miyendo inayi yowongoka ngati ya tebulo, mutu m'mwamba, makutu kutsogolo, osasuntha mpaka woweruza atazungulira n'kumaliza. Adona ankakhala pampando pakhomo la khola atafunda bulangete m'miyendo, kundiuza kuti mwendo wakumbuyo wabwerera, yambiraninso. Loweruka amuna anga ankabwera kudzanditenga, ndipo adona anawalemba ntchito yokhala woweruza. Ankavala chipewa cha malemu mwamuna wa adona, manja kumbuyo, kuzungulira kabulu monyada.

"Kumudzi ndikalembe kuti chiyani?" ankatero pobwerera. "Kuti mayi a kuno anagrajuweta, pano akusambitsa abulu ndi shampu?"

"Lembani kuti bambo a kuno ndi jaji wa abulu," ndinkayankha.

Iwowo sindinkawagwadira. Anandiletsa chifikireni kuno, ndipo kwa iwo maondo anamva msanga. Choncho pa maphunziro onsewo panalibe chinalakwika. Pofika nthawi imene masamba ankafiira, kabulu kankaima ngati kosema, ndipo adona anayamba kunena za riboni yofiira, imene kuno ndi ya woyamba.

Tsiku la chionetsero kunacha bwino, kozizira pang'ono. Tinasambitsa kabulu dzulo lake, kupukuta ziboda, kupesa mchira. Make tinamutenganso kuti kasalire, n'kumumanga kunja kwa bwalo pamene kankatha kumuona. Pamalopo panali maungu aakulu ngati mitsuko, ng'ombe zamkaka, mahatchi, ndi fungo la anyezi wokazinga. Munthu wakuda ndinali ndekha ndi amuna anga, ndipo maso a anthu ndinkawamva pamsana. Amuna anga anakankhira mpando wa adona pafupi ndi mpanda, kenaka anandigwira pamkono.

"Ingorilaksani, mayi. Mwaprakatisa mokwanira. Mukawina ndikugulirani ayisikirimu."

Tinalowa m'bwalo ndi ena ochepa, aliyense ndi kabulu kake kakakazi. Kuyenda kunayenda bwino. Kuthamanga kunayenda bwino kwambiri, moti ndinamva wina akuomba m'manja. Kenaka tinandanda pamzere, ndipo ndinakonza miyendo ya kabulu, inayi yonse pamalo pake. Kanaima, makutu njo. Ndinaba diso n'kuona bambo woweta uja atatsamira mpanda, akuyang'ana ife.

Woweruza anali nkhalamba ya imvi mbuu, yoyenda motsimphina, msinkhu wa bambo anga. Anayamba ndi a kumanzere kwanga, kuyang'ana mano, kusisita msana, kubwerera m'mbuyo kuti aone bwino. Atafika pa ine anaima patsogolo panga, anavula chipewa, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Kali ndi miyezi ingati, mayi?"

Munthu wa imvi kundivulira chipewa, ine nditaima! Sindinaganize kanthu. Ndinangopezeka maondo ali mu utuchi, manja pamodzi, maso pansi, ndikuyankha funso lake.

Kabulu kanachita zomwe ndinakaphunzitsa miyezi yonse osadziwa. Kanasiya malo ake, kanatembenukira kwa ine, kumupatsa woweruza mbuyo, n'kuika chibwano paphewa langa. Kanatsinzina kudikira kukandidwa. Anthu anaseka, kuseka kwabwino kopanda chipongwe, koma kwa ine kunali ngati andithira madzi otentha. Ndinadzambatuka n'kuyesa kukabwezera pamzere. Iko kanaganiza kuti ndi masewera, kanandikankha ndi mphuno, kanazungulira, chingwe n'kundikulunga m'miyendo. Nkhalamba ija inadikira ndithu, chipewa chili m'manja. Kenaka inamwetulira, inavala chipewa, n'kupita kwa wotsatira. Maliboni atagawidwa, ife tinatuluka chimanjamanja.

Ndinafika pamene panali adona ndikulephera kuwayang'ana. Ndinapepesa. Anasisita mphuno ya kabulu, kenaka anati, "Ndakhala ndikukuonani mukuchita zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Woyenera kuganiza ndinali ine."

Bambo woweta uja anabwera, anapereka moni, n'kunena kuti wotuwa adzamutenga Loweruka. Adona anamufunsa kamodzi kokha za kamwanako. Iye anati ndi kabwino ndithu, koma mawu ake ndi omwe aja. Ndinamukwiyira bamboyo, ndinakwiyira chipewa cha nkhalamba ija, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha. M'galimoto amuna anga anayesa kunditonthoza kuti mwina ngakhale ndikanapanda kugwada sitikanapambana, poti panali ena okongola. Mwina ankanena zoona. Ine ndinawauza kuti ayang'ane msewu.

Madzulo a tsiku lomwelo banja lina la ana atatu, limene linaona zonse zija, linafunsa ngati kabuluko kakugulitsidwa. Anati bulu wokumbatira anthu ndi amene ankamufuna. Anali anthu aulemu, okhala ndi kamunda ndi mbuzi ziwiri, ndipo adona anavomera. Anagwirizana kuti adzakatenga patapita sabata make atachoka, akamaliza kukonza khola.

Loweruka m'mawa lole inabwera. Anatsitsa thabwa lokwerera, ndipo ine ndinatulutsa wotuwa, kamwana kakutsatira m'mbuyo monga mwa masiku onse. Atafika pathabwa wotuwa anaima. Tinamupatsa nthawi yoganiza, ndipo ataganiza anakana. Bambo woweta ndi mnzake anayesa karoti, anayesa kukankha, anayesa kumukulunga chingwe kumbuyo n'kukoka. Bulu wodekha uja anakhala pansi ngati galu, mutu atautembenuzira kwa mwana wake. Dzuwa linakwera tili pomwepo.

Adona anali pampando pakhonde. Anandiitana, n'kulankhula motsitsa mawu osandiyang'ana.

"Lole imeneyo ili ndi kachitseko kutsogolo, m'mbali. Lowetsani mwanayo poyamba. Make atsatira. Akangomumanga makeyo, mutulukire pakachitsekoko ndi mwanayo."

Ndinawafunsa ngati bambo uja sangachite zimenezo yekha.

"Iye sikangamutsatire," anatero. "Katsatira inu."

Ndinatenga chingwe. Kabulu kanali kasanakwerepo lole imeneyo, thabwa linkagwedera, mkati munali mdima ndi fungo la abulu achilendo, koma nditangoyamba kukwera kanabwera nane, mphuno ili pachigongono changa. Sikanaime n'komwe kuti kaganize. Kumbuyo ndinamva ziboda za make pathabwa. Analowa yekha, popanda womukoka, n'kukaima pambali pa mwana wake. Bambo uja anamanga chingwe chake pachitsulo mwachangu, mnzake anatsegula kachitseko, ndipo ine ndinatsika n'kuitana kabulu ndi mawu amene ndinkakaitanira tsiku lililonse. Kanadumpha. Chitseko chinatsekedwa.

Wotuwa anayamba kulira lole isananyamuke, ndipo tinkamumvabe itakhota pamsewu waukulu. Kamwanako kanakoka chingwe mpaka kundisupula m'manja, kanathamangira kugeti, n'kuima pamenepo kakuyankha mpaka mawu anasasa. Ndinalira nako, ndilibe manyazi kunena.

Kanakhala nafe sabata ina ija. Bambo woyandikana nawo akabweretsa udzu, kankadya pang'ono. Amuna anga atabwera, kanalola kuti akasisite pakhosi. Ine ndinkalowa m'khola m'mawa uliwonse ndi bulashi ndi kachidutswa ka apulo, n'kukaitana. Kankandiyang'ana, kenaka n'kupita pakona yakutali, n'kuima moyang'ana khoma mpaka nditatuluka.