Thukuta la pa mjigo

Kwa milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikunamiza mkazi wanga kuti ndimapalasa njinga kukwera chitunda chakwathu kuno ku Bembeke. Sindinachikwerepo n'kamodzi komwe.

Zidayamba mu Ogasiti, adokotala atandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri ndipo mimba iyenera kuphwa. Mayi a Tadala adagamula kuti tilimbitse matupi, dzuwa la Okutobala likafika tidzapalase limodzi mpaka ku Mayani, monga tinkachitira tili pachibwenzi.

Iwo amalimbikiradi. M'mawa uliwonse amakwera phiri wapansi. Ine ndimangotsetsereka ndi njinga mpaka kumsewu, osapalasa n'komwe, n'kukhala pagolosale ya a Yusufu, kumamwa tiyi ndi kumvera anthu akukangana za zipani. Pobwerera ndimakweza njinga pagalimoto yokatenga kachewere. Ndimatsikira pa mjigo, kunyowetsa malaya kumsana ndi m'khwapa, kenako n'kulowa pakhomo ndili wefuwefu.

Lachiwiri akuchapa, adanunkhiza malaya aja.

"Bambo a Tadala, thukuta lanu lasiya kununkha masiku ano."

"Thupi likamalimba zimatero," ndidayankha.

Adandiyang'ana pamimba, n'kupitiriza kuchapa. Ndidadikira kuti manyazi andigwire, koma sadabwere. Ndidangoima pomwepo, kumaonerera thovu likuphwa m'beseni.

Ulendo uja ndi Loweruka lino. Apopa kale matayala a njinga zonse ziwiri, ndipo akuti pachitunda choyamba ndidzatsogole ndine, poti ndine wozolowera.