Mfuti ya alamu anga imalira yokha

Lachitatu lapitali ndinaona mfuti ikulira popanda munthu woigwira. Anali masana, dzuwa lili paliwombo, ndiye musati mwina ndimalota.

Ndili ndi mlongo wanga, Eneti, amene amakhala pamudzi pathu kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mwamuna wake, a Makwinja, ndi mlimi wa mpunga wolimbikira, wosamwa, wosasuta. Chilema chawo n'chimodzi: akakonda chinthu amachikonda ngati mwana wobadwa yekha. Atagulitsa mpunga chaka chino anapita kutauni n'kubwerako ndi mfuti ya mpweya, ija amaithyola pakati n'kuikamo kachipolopolo konga njere ya mapira. Ankati ndi ya mbalame zomwe zimatha mpunga kusikimu, ndipo tsekwe akadutsa pafupi ndiye kuti ndiwo zapezeka.

Inali yokongola, zimenezo sindingakane. Yonyezimira, yonunkhira mafuta, ili ndi kansalu kakekake koipukutira. Koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poyamba inkangophonya. Alamu akaloza mbalame, kachipolopolo kankadzera kumanzere, mbalame n'kuuluka ili bwinobwino. Kenako inayamba kulira yokha. Alamu amaisiya yotcheratchera, ati mbalame sidikira munthu. Tsiku lina ili chitsamire pakhoma, Eneti akusesa pafupi, inangoti phwa! Tsiku linanso iye akusinja mpunga pakhonde inaliranso, kachipolopolo n'kukalowa m'phaso la denga.

Inu mukanatani? Mwina mukuti mukanaibweza kusitolo. Dikirani kaye.

Kwathu alenje ali ndi malamulo awo akalekale, ndipo sanathe ngakhale tonse timapita kutchalitchi ndi kumzikiti. Mkazi salumpha mfuti. Mlenje akayamba kuphonya safunsa za diso lake, safunsanso za chida chake. Amati kunyumba sikuli bwino. Wamkulu aliyense amamva tanthauzo lake: mkazi akuzemberana ndi mwamuna wina.

Ndiye ndinalandira foni yoti ndipite, pakuti ndine nkhoswe ya Eneti.

Ndinafika pakabaza thukuta lili kamukamu. Nyengo ino nyanja yathawira kutali. Pomwe panali madzi pali matope ong'aluka, ngalawa zangogona pamtunda, ndipo chilumba cha Chisi chimaoneka ngati chikulendewera m'mwamba chifukwa cha kutentha. Kunalibe mphepo olo pang'ono. Nkhuku zinali pansi pa nkhokwe kukamwa kuli yasa, nyenje zokha ndizo zinkalira.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango: ine, alamu, ndi amalume awo a Chikopa, omwe ndi nkhoswe ya kuchimuna. A Chikopa ndi mlenje wakale, wolankhula motsitsa ngati m'nyumba muli wodwala. Anatenga mfuti ija n'kuigoneka pamphasa pakati pathu.

"Nayonso imve nawo," anatero.

Ndinafunsa ngati inali yotchera. Alamu anati ili m'mene imakhalira masiku onse. Ndinangosuntha miyendo yanga. Mlomo wa mfutiyo unaloza pabwalo, pomwe panalibe munthu.

"Achimwene," anayamba a Chikopa, "ife sitikunena kuti tagwira munthu, iyayi. Koma mfuti sinama. Ikamalira yokha ndiye kuti chilipo chomwe yaona. Nanga bwanji imalira apongozi anga a Eneti akakhala pafupi basi?"

Ndinaseka. Ndinati ameneyo ndi amene amakhala pakhomo tsiku lonse, ndiye mukufuna izilira pali ndani? Ndinalankhula zambiri, ndipo ndinkamva ndekha kuti ndikulankhula bwino.

Apo Eneti anatuluka m'nyumba ndi jagi ya pulasitiki ya madzi akumwa. Anabwera mwaulemu, nagwada kumapeto kwa mphasa, naika jagi ija pansi.

Phwa!

Palibe anaigwira. Manja a alamu anali pamaondo, a Chikopa anali atapinda awo, anga anali m'mwamba chifukwa ndinali ndisanathe kulongosola mfundo yanga. Pajagi panaoneka kabowo, madzi n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono, kuyenderera mpaka pamaondo a Eneti. Iye sanasunthe. Nyenje nazo zinaleka kulira, kapena mwina ndi makutu anga amene anatseka.

"Mwaona nokha," anatero a Chikopa, osakweza mawu.

Ndikuuzeni zoona, tsitsi linandiima. Ine amene ndimaseka zinthu zoterezi m'nyuzipepala muno ndinachita mantha. Choipa kwambiri n'chakuti kwa kamphindi ndinamuyang'ana mlongo wanga ndi diso lofunsa. Iye anandiona, ndipo anaweramitsa mutu. Mpaka pano zikundiwawa.

Mtima utakhala pansi ndinaumirira kuti tisanaweruze munthu, tikaonetse kaye mfutiyo komwe inagulidwa. M'mawa mwake ine ndi alamu tinaikulunga m'thumba n'kukwera ulendo wa kutauni.

Mwini sitolo anatilandira bwino mpaka pomwe anamva chomwe tadzera. Anaithyola, naitchera, naigoneka patebulo. Tinadikira. Zii. Anamenya tebulo ndi chibakera. Zii. Anaigwedeza, naigogoda kumatako kwake, koma inangokhala duu ngati mwana wabwino pamaso pa alendo.

"Akuluakulu, ine vuto sindikuliona," anatero. "Mwina munaigwetsa."

Kenako anatilozera chikwangwani chomwe tonse timachidziwa, chija chimati katundu akatuluka sabwerera. Ndinakangana naye mpaka anati tikhoza kuisiya kuti akafunse komwe amaoda katunduyo, koma salonjeza kanthu. Ndisanayankhe, alamu anali ataikulunga kale m'thumba.

Tili m'minibasi anandiyandikira n'kunong'ona. "Alamu, mwaonatu? Kwa anthu ena ili phee. Imalira kwathu kokha."

Ulendo womwe ndinkati upulumutsa Eneti ndi womwe unamumangirira. Alamu sanalankhule mokondwa ayi. Maso awo anali ofiira, ndipo njira yonse ankayang'ana pawindo. Amamukonda mkazi wawo, ndikudziwa.

Tsopano ndifunse inu owerenga. Ndani mwa ife sanagulepo chinthu chomwe chimavuta pakhomo koma chikafika kwa okonza n'kuchira chokha? Foni yozima yokha, wailesi yolankhula ikafuna, pampu yomwe imakoka madzi lero mawa n'kukana. Chinthu chofa kotheratu sichivuta, umangodziwa kuti wagula chakufa. Chovuta ndi chija chimadwala mwa apo ndi apo, chifukwa chimasiya mpata woti tiyambe kuganiza za anthu.

Ndipo ife pa zimenezo sitichedwa. Njinga yatsopano ikathyoka foloko, timakumbukira mnansi amene anaiyang'anitsitsa tsiku loigula. Feteleza akapanda kugwira, timaloza gogo wa munda woyandikana nawo. Fakitale sitiiganizira n'komwe. Ili kutsidya kwa nyanja, ilibe nkhope, sitingaiitanire pansi pa mango kuti idzayankhe mlandu. Mkazi ali pompano, ndipo amagwada akamapereka madzi.

Ine si mmisiri wa mfuti. Koma ndikudziwa kuti m'kati mwake muli kachitsulo kamene kamagwira sipuling'i kufikira chala chitakoka. Kachitsulo kameneko anakapanga munthu, mwina atatopa, mwina akuthamangira kuweruka. Ngati anakasula mopereweza pang'ono chabe, kakhoza kugwira lero n'kutaya mawa, kugwira m'sitolo mozizira n'kutaya padzuwa la ku Chilwa, kapena nthaka ikanjenjemera ndi musi. Kodi ndi zimene zikuchitika? Sindikudziwa. Sindingakuuzeninso chifukwa chake inalira panthawi yeniyeni yomwe Eneti anagwada, ndipo ndikakumbukira khungu limandiyendabe.

Koma kusadziwa kwanga si umboni woti mlongo wanga ndi wachimasomaso.

Eni masitolo nawonso ndili nawo mawu. Chikwangwani chanucho mumachiona ngati chongotetezera malonda, koma simudziwa komwe chimakathera. Mukamuuza munthu wakumudzi kuti katundu wanu salakwa, iye amakhulupirira, chifukwa wabwera m'bokosi, ali ndi zilembo zachizungu. Ndiye amabwerera kwawo kukafuna wolakwa, ndipo amam'peza. Kunena kuti "nthawi zina zimabwera zowonongeka, isiyeni tiione" kukanakuchotserani chiyani?

Ifenso ogula tili ndi manyazi achilendo. Kubweza chinthu kusitolo timaona ngati kuvomera kuti tinapusitsidwa. Bambo amene anayenda mudzi wonse mfuti ili paphewa sangafune kuti anthu adziwe kuti anagula chinthu chopunduka. Kunena kuti banja lavuta kumam'pepukira kusiyana ndi kunena kuti anasankha molakwika.

Nkhaniyi sinathe. Titabwerako, a Chikopa anagamula kuti Loweruka likudzali mfuti itcheredwe, igonekedwe pamphasa, ndipo Eneti ailumphe pamaso pa ankhoswe. Ikakhala chete, mlandu watha. Ikalira, alamu alongedza katundu wawo kubwerera kwawo, ndipo mudzi wonse udziwa chifukwa chake. Lamulo loti mkazi salumpha mfuti aliimika kaye tsiku limenelo, ati pofuna choonadi.

Makolo athu ankamwetsana mwavi. Tinauleka, ndipo timanyadira kuti tinauleka. Lero taugula m'sitolo.

Ndinakana. Ndinakalipa mpaka mawu anasasa, ndinati mfuti yotchera si yoseweretsa, ikhoza kuboola mwendo kapena diso la munthu. Ndinati ngati akufuna choonadi aipereke kwa okonza aitsegule, tione m'kati. A Chikopa anati ikatsegulidwa ndiye kuti umboni wauluka.

Ndinkayesa kuti Eneti akhala mbali yanga. Ndikutsanzika anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo tili awiri anandigwira mkono.

"Achimwene, musaletse," anatero. "Ndikakana anena kuti ndikuopa. Ine palibe chomwe ndinachita, ndiye siilira. Mulungu akuona."

Analankhula mtima uli m'malo, akumwetulira pang'ono, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira kwa mfuti kuja. Wolakwa akanathawa mayeso amenewa. Amene akuthamangirako ndi wosalakwa, chifukwa akukhulupirira kuti chitsulo chimuchitira chilungamo.

Loweruka ndipitanso, ndipo ndikachita chilichonse chomwe ndingathe kuti mfutiyo isatcheredwe. Koma ndikalephera, mlongo wanga adzakweza mwendo pamaso pa anthu, banja lake ndi mbiri yake zitakolowekedwa pa kachitsulo komwe palibe mmodzi wa ife anakaonapo.

Ine ndikudziwa kuti Eneti sanalakwe. Nanga kachitsuloko kakudziwa?