Manja a Bambo Chisenga

Effie Kalonga adafika ku London mu 2002 ndi mapepala ake a unamwino, koma ntchito imene adapeza inali yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi mwa iwo anali bambo Biswick Chisenga a m'dera la Lewisham mumzindamo, obadwira pa famu ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Dedza. Sitiroko idawapha manja, koma mutu ndi pakamwa zidatsala zakuthwa.

Ejensi imene idamulemba ntchito inkamulipira kuti aziwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Zochapa makatani, zoyankha mafoni a ana awo a ku Canada, zowagwirira makadi masana aliwonse, zimenezo ankangochita.

Makadiwo anali a poka, masewera a juga. Bamboyo adasewera zaka zambiri, ndipo mu 2006 anzawo akale adawalowetsa mumpikisano waukulu wa masiku awiri. Iwo ankafuna chinthu chimodzi: kufika tsiku lachiwiri, zomwe zidawakanika ngakhale manja ali bwino. Oyendetsa mpikisano adalola kuti Effie akhale manja awo, azitukula makadi ndi kukankha timabatani tobetchera, koma osawauza kanthu.

Sabata yonse mtima wake unali m'mwamba. Iye, mayi wa Mvano, kukalowa m'nyumba ya juga! Mu takisi ankangosinthasintha chikwama, mwendo uno, mwendo uwo.

"Khazikika, mwana iwe," adatero bambo Chisenga. "Mpando uli ndi nsikidzi?"

"Bambo, tikadangobwerera."

"Tamvera. Anyamata ophunzirira pa intaneti amalumphira chilichonse ngati ana a mbuzi. Ife tidikira. Makadi achabe, taya. Taya, taya, mpaka atiyese akufa. Pamenepo ndiye tiwaluma."

Adatayadi. Maola adapita Effie akungotukula ngodya za makadi n'kuwabweza kwa wogawa. Phazi lake linkagunda pansi losaleka. Kenako bamboyo adalamula kuti akankhe mulu waukulu wa timabatani, makadi ali achabechabe, kuti anzawo aope. Effie adali ataphunzira masewerawo mosafuna, ndipo adaona kuti ili ndi bodza. Adazolika, nameza malovu.

Kutsogolo kwawo kudakhala mnyamata wa magalasi akuda. Iyeyo sankayang'ana mkuluyo ayi, ankayang'ana Effie. Adavomera kubetcha, nakolola zonse. Zidachitikanso kachiwiri, mulu wa bambo Chisenga nkutsala kochepa.

Pa nthawi yopuma, Effie adawakankha pa njinga yawo ya olumala kupita nawo kuchimbudzi.

"Nkhope yakoyo ndi wailesi," adatero bamboyo. "Ikuulutsa mpaka ku Barking, kunja kwa tauni uko."

"Ine kunama sinditha, bambo."

"Ndani wakuti uname? Wonama ndine, ndidayamba usanabadwe."

"Ndiye pezani wina. Ndakuwonongerani."

Adafika kuchimbudziko. Effie adawaimiritsa, nawamasula lamba nkhope atatembenuzira kukhoma, monga ankachitira tsiku lililonse. Kwawo munthu sayang'ana thupi la mkulu, ndipo manja ake adazolowera kugwira ntchito okha.

"Taona," adatero bambo Chisenga. "Pano sundiyang'ana, koma lamba sulakwitsa. Makadi nawonso ndi maliseche, mwana iwe."

"Aa, bambo! Pakamwa panupa."

Atabwerera, Effie ankatukula ngodya za makadi maso ali kukhoma. Zinali zowawa kuposa poyamba. Khosi linkafuna kutembenuka lokha. Ankangomva mawu a mkuluyo: taya, taya, kankha pang'ono, taya. Mulu unkakwera, nkutsika, iye osadziwa chifukwa chake.

Tsiku litatsala pang'ono kutha, bamboyo adati: "Zonse."

Effie adakankha timabatani tonse pakati pa tebulo. Akaluza apa, basi, kwatha. Mnyamata uja adavula magalasi, namuyang'anitsitsa. Effie adamuyang'ananso, koma pankhope pake panali mantha okhaokha a munthu wosadziwa kanthu. Mnyamatayo adasisita chibwano nthawi yaitali, kenako adataya makadi ake.

Posakhalitsa adalengeza kuti otsala onse abwere mawa. Bambo Chisenga anali m'gulumo. Misozi idatsika m'masaya mwawo, ndipo Effie adaipukuta ndi mpango anthu asanaone.

"Bambo," adanong'ona powaveka jasi, "munali ndi chiyani paja?"

"Ndikuuze iwe? Kuti mawa London yense amve? Kankha njinga, ndili ndi njala."