Mphaka Amene Ndinaphetsa ku Wusakile

Mphaka uja tinkamuweta chifukwa cha makoswe, osati chikondi ayi. M'komboni ya Wusakile, zaka zija za nkhondo, ufa umene amuna anga ankalandira kumgodi makoswe ankauyesa wawo. Koma mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi anamusandutsa mnzake. Ankamubereka kumbuyo ndi kansalu, mphakayo ali duu.

Tsiku lina masana ndikuchapa pampopi ndinamva kukuwa. Ndinapeza mwana wagwira dzanja, magazi ali chuchuchu, mano atalowa m'munsi mwa chala chachikulu. Mphaka anali atabisala pansi pa bedi.

Pomwepo ndinakumbukira kuti milungu itatu m'mbuyomo mphakayo anabwera khutu litang'ambika, atalimbana ndi galu wopanda mwini kudzala. Kwathu ku Fort Jameson, ndili mtsikana, ndinaona munthu akufa ndi chiwewe. Ludzu linkamupha, koma akamupatsa chikho cha madzi khosi linkakana, thupi lonse n'kuyamba kugwedezeka. Zimenezo sizichoka m'maso.

Mayi wina woyandikana nafe, wakwathu komwe, anati, "Musataye nthawi, amake mwana. Metani ubweya wa mphakayo, muwotche, phulusa lake mupake pabala n'kumanga zolimba. Ndi mmene timachitira kumudzi."

Amuna anga anali atangoweruka, nsapato zamumgodi asanavule n'komwe. Iwo anati tiyambe tapita kuchipatala, mphaka timutsekere m'nyumba. Koma ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo mantha ankandilankhulitsa.

"Mumaswa miyala pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku, koma kamphaka aka kakukanikani? Mwana wanu afe inu mukuyang'ana? Kapheni!"

Amuna anga anatenga mpini n'kumupha mphakayo. Ubweya tinameta, mtembo tinakauponya pamoto wa zinyalala za komboni. Bala ndinalipaka phulusa lija n'kulimanga ndi nsanza mpaka chala kuchita dzanzi.

M'mawa dzanja linali litatupa, likutentha. Ndinamubereka mwana ulendo wa kuchipatala cha mgodi, korona yopempherera ili m'manja. Dresa, wothandiza madokotala, amene anatilandira anali bambo wachikulire wa ku Nyasalandi, wolankhula mosathamanga. Atamasula nsanza zija anapukusa mutu. Anatenga sopo, anaika dzanjalo pansi pa mpopi, n'kuyamba kutsuka. Anatsuka, anatsuka, mwana akulira mpaka mawu kutha, ine ndikufuna kumulanda.

"Mayi, izi zinayenera kuchitika dzulo, nthawi yomweyo," anatero. "Sopo ndi madzi ambiri basi. Bala la mano a mphaka ndi lakuya, silifuna kutsekedwa. Inu mwatsekera zoipa m'kati. Nanga mphakayo ali kuti?"

Ndinayankha monyada kuti tinathana naye.

Bamboyo anasiya kutsuka. "Akanakhala moyo tikanamutsekera masiku khumi. Akanapitirira kudya ndi kumwa bwinobwino, mukanagona tulo podziwa kuti analibe chiwewe. Ngakhale mutu wake wokha madokotala akanauyeza. Tsopano tifunsa ndani?"

Amuna anga anali atanena zomwezo, ine n'kuwanyoza pamaso pa anthu.

Mwana anayamba kumubaya jakisoni wapamimba, tsiku lililonse kwa milungu iwiri. Kamimba kake kanadzaza timibulu towawa. Akangoona mpanda wa chipatala ankandikanirira m'khosi, akuti, "Amama, sindidzaberekanso mphaka." Ankayesa kuti ndi chilango. Dresa uja sanandinamize. Anati mankhwalawo amathandiza, koma tinachedwa, ndipo matendawa amatha kubisala miyezi. Akangoonekera, palibenso chochita.

Ndiye ndinayamba kumupatsa madzi. M'mawa madzi, masana madzi, akamasewera ndi anzake ndinkamuitana kuti adzamwe, maso anga ali pakhosi pake. Tsiku lina anakankha chikho, nati sakufuna. Ndinakhala pansi pafumbi. Amuna anga anatola chikhocho, anathiramo shuga pang'ono, n'kumupatsa. Mwana anamwa madzi onse. Kunali kukhuta chabe, ndinali nditamumwetsa kasanu. Iwo sanandikumbutsepo za mpini uja, ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandiwawa kuposa kukalipa.

Mvula inabwera n'kupita, mwana osadwala. Kaya mphakayo anali ndi chiwewe, kaya mwana anangomufinya pakhutu lowawa lija, sindidzadziwa. Yankho ndinaliwotcha ndekha.

Mwanayo lero ndi mayi wa imvi, amakhala ku Ndola. Akabwera kudzandiona ndimamutungira madzi asanakhale n'komwe pansi. Amaseka, amati ndine wa ulemu wachikale. Sadziwa kuti ndimadikira kuti ameze.