Ndinasinthanitsa Pampu ya Galimoto ndi Mabeseni Awili

Ndine mayi wa ku Nyimba, ndipo zimene ndikuulula pano zakhala zikundidya mumtima zaka zitatu. Ndinataya chinthu chimene amuna anga anachivutikila zaka khumi ndi zinayi, kenaka ndinanama. Kutayako kunali kusadziwa, koma bodzalo ndinalinena ndikudziwa.

Amuna anga, a Daka, ndi makanika. Kuseli kwa nyumba yathu kuli shedi, ndipo m'shedimo muli galimoto yakale ya ku Jelemani, ya zitseko ziwili, yopangidwa itangotha nkhondo yaikulu ija ya azungu. Apongozi anga aamuna anali dalaivala wa mzungu wina ku Tete, ndipo mzunguyo pobwelela kwawo anawasiyila galimotoyo. Nkhondo itavuta ku Mozambiki, ananyamula mkazi ndi ana m'galimoto yomweyo n'kuolokela kuno. Inadzafela kumudzi ku Nyalugwe kumene anakhazikika, nkhuku n'kumaikilamo mazila, mpaka amuna anga atakula anaikokela kwathu.

Ine galimotoyo ndinkaitcha mkazi mnzanga. Loweluka ali pansi pake, Lamulungu tikangotuluka m'chalichi ali pansi pake. Anaipala dzimbili, anaipaka penti yotuwa, mipando anaisoketsa chikopa chatsopano. Mabwana ena osunga magalimoto akale anachoka ku Lusaka kudzaiona, nanena kuti zotele zatsala zowelengeka, koma a Daka anakana kugulitsa. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi: kuti atate awo, amene anali atakalamba kwambili ndipo maso anali atafa, adzaikwelenso ikulila.

Chinatsala ndi pampu yopopa petulo. Anaimasula, anaitsuka ndi palafini, n'kuikulunga m'saka yakale kuti iume kuseli kwa khichini. Kenaka anapita ku Lusaka kukafuna timphila take.

Tsono ine zinyalala pabwalo sindigwilizana nazo, amene amandidziwa angakuuzeni. Tsiku lomwelo kunafika anthu aja ogula zitsulo zakutha, oyenda ndi lole akufuula pa chimkuzamawu, amene amasinthanitsa zitsulo ndi ziwiya zapulasitiki. Ndinatola makasu akutha ndi poto wobooka. Nditanyamula saka ija ndinamva kulemela, ndinasuzumila n'kuona chitsulo chakuda chonunkha. Ndinati eya, ichi ndiye chindipatse beseni lalikulu! Anandipatsa mabeseni awili, ine n'kumasangalala kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

A Daka anabwela Lachinayi masana, ndipo ngakhale madzi sanamwe, analunjika kuseli kwa khichini. Ndinangomva akuitana kuti, “Amake Tisa, saka inali apa ili kuti?”

Ndinayankha kuti sindinaione.

Inu owelenga, apa m'pamene ndinadzimanga ndekha. Lole ija inali ikadali pamsika wa Nyimba. Lachisanu ndinaidutsa popita kukagula tomato, ndinaima n'kumayang'ana mulu wa zitsulo pamwamba pake, kenaka ndinangopitilila. Ndinkaopa kuti ndikapempha saka yanga, msika wonse udziwa, ndipo nkhani ifika kunyumba ine ndisanafike. Nthawi imeneyo n'kuti amuna anga akugubuduza migolo, akukumba kudzala, mpaka kukangana ndi anansi athu amene sanalakwe kanthu. Ine ndinkawathandiza kufunafuna, tangoganizani!

Ndinaulula Lamulungu titachoka ku chalichi. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti ndikonzeke, mailo m'mamawa tipite ku Petauke kumene ogula zitsulo aja amaunjika katundu wawo. Kumeneko tinafukula milu ya zitsulo ndi manja mpaka zala zanga zinachucha magazi. Mwini malowo atamva nkhani yathu anapukusa mutu nati, “Pepani amai, lole ya ku Nyimba yanyamuka mailo kupita kosungunula. Mukanabwela Loweluka mukanaipeza.” A Daka anangokhala pa thayala.

Mabwana a ku Lusaka aja anayesa kutifunsila kwa anzawo akunja, koma pampu yoteloyo sinapezeke. Amuna anga anayesako mapampu a magalimoto ena, onse anakana. Pamenepo n'kuti apongozi akufookelafookela, ndipo tinawatenga ku Nyalugwe kuti azikhala nafe pafupi ndi chipatala. Palibe anawauza za pampu. Ine ndinkawaphikila phala, ndinkawachapila, ndipo akati zikomo apongozi, ndinkangofuna nthaka itang'ambika ndilowe.

Tsiku lina m'mawa anapempha kuti akalowe m'galimoto. Amuna anga anawanyamula n'kuwakhazika pachiwongolelo. Nkhalamba ija inapapasa chiwongolelocho, inanunkhiza chikopa cha mpando, n'kuyamba kuseka yokha. Kenaka inati, “Iliza tsopano, mwana wanga, ndiimve.”

Ine ndinali nditagwada pakhomo pa shedi. Ndinaona amuna anga ataima ndi kiyi m'manja. Ndinkayembekeza kuti anditchula, ndipo akananditchula sindikanakana. Koma anati, “Batile yatha, atate. Tiiliza mailo.” Apongozi anati chabwino, adikila. Anamwalila sabata yomweyo.

Azimayi anzanga, ndi inu abambo omwe, chinthu chimene simuchidziwa pakhomo musachitche chinyalala mwini wake musanamufunse. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa munthu. Ndipo mukalakwa nenani tsiku lomwelo, ngakhale manyazi akugwileni bwanji. Kukalipilidwa kumatha, koma masiku atatu amene ine ndinakhala chete sindingawabweze, ngakhale nditalila motani.

Mpaka lelo a Daka sanandinyozepo, ndipo kwa abale awo sanaulule. Nthawi zina ndimalakalaka akanangonditukwana kuti mwina mtima upepuke. Pamalilo paja alamu anga aakazi ankabwela mmodzimmodzi kudzandigwila dzanja, kundiyamikila kuti ndinawasamalila bwino atate awo. Amuna anga anali chapafupi, akumva zonse. Ine ndinkangoti zikomo, zikomo.