Mmene Anagawira Kompyuta ya Atate

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu Geredi sikisi, zaka zija za mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, atate anatumizidwa ndi a kuntchito kwawo kukachita kosi ku Mangalande. Anali kalaliki pa boma kuno ku Chipata. Anzawo amene anapitako kale ankabwerako ndi masuti, mawotchi, ena mpaka ndi kalankhulidwe ka m'mphuno. Amayi anawatuma bulangeti lolemera ndi nsapato za ku tchalitchi. Atsikana a masiku ano mumadandaula kuti amuna samva, koma ndikuuzeni, matendawa ndi akale. Atate anabwerako ndi kabokosi kakuda, kukula kwake ngati buku la nyimbo, kokhala ndi mabatani a labala.

"Nanga bulangeti lija?" anafunsa amayi.

"Iyi ndi kompyuta, amake Yotamu."

"Chabwino. Tidzafunda yomweyo mu Juni."

Yotamuyo ndine. Ndipo inu ana a mafoni mukhale pansi ndikufotokozereni, chifukwa mukamva kuti kompyuta mukuganiza za izi zopyapyala zimene mumapinda ngati chitenje. Ija inalibe galasi lakelake. Inalibenso mutu wosunga kanthu. Ukangoizimitsa inkaiwala zonse, ngati mboni pa mlandu wa m'bale wake. Kuti igwire ntchito inkafuna anzake: tivi yoonerapo, wailesi ya kaseti, tepi, ndi kabokosi kena kolemera ngati njerwa kolowetsera magetsi. Chimodzi chikasowa, zotsalazo zinkangokhala zokongoletsa m'nyumba.

Masewera ankakhala pa tepi. Umalumikiza zingwe, kudina batani la wailesi, ndiye kumayamba phokoso: tswiii, krrr, tswiii, ngati nyenje zatsekeredwa m'chitini. M'mphepete mwa tivi munkathamanga mizeremizere. Umadikira osagunda tebulo, osatsokomola. Mlongo wanga akangomenyetsa chitseko, basi, kuyambiranso.

M'buku lomwe linabwera ndi makinawo munali masewera a galimoto oti ulembe wekha. Atate anawayang'ana nati, "Ku Chipata ndani ali ndi galimoto? Tiikapo njinga." Ntchito imeneyi inali ya Loweruka masana. Lamlungu ayi, poti atate anali mwana wa pamishoni. Tsiku limenelo ngakhale mpira wa mapepala sunkagundidwa pakhomo pathu. Ine ndinkawerenga manambala ndi Chingerezi chomwe sindinkachimva, iwo n'kumadina, akudandaula kuti mabataniwo ndi ofewa ngati nyama ya bowa, osati ngati taipi ya ku ofesi. Njingayo inali kachilembo kamodzi. Mbuzi zinali tinyenyezi totsika kuchokera pamwamba. Msewu anati ndi wa ku Mtenguleni, ngakhale kuti inali mizere iwiri chabe. Tsiku lomwe zinatheka anandipatsa mpando kuti ndiyambe ine. Sindinapite patali, ndinagunda. Tivi inalira kamodzi, n'kulemba zilembo zazikulu: YOTAMU, MBUZI YA ENI IYO!

Atate sanali munthu woseka wamba. Tsiku limenelo anaseka mpaka kuvula magalasi. Amayi anasuzumira pakhomo, nawerenga, nabwerera kukhitchini akubisa pakamwa ndi chitenje. Kenako atate anazisunga pa tepi, nalembapo ndi dzanja lawo la ukalaliki: NJINGA. Kachitseko kakang'ono kamene umathyola kuti tepi isajambulidwenso sanakathyole. Anati tidzawonjezeramo ng'ombe.

Ng'ombezo sizinalowemo. Mvula yotsatira atate anadwala masiku owerengeka, natisiya.

Maliro atatha, tsiku lometa, katundu wa malemu anatulutsidwa n'kuyalidwa pamphasa pabwalo, monga mwa mwambo. Wogawa anali atate aakulu a Zefaniya, mkulu wawo wa atate, mlimi wa mtedza ku Chipangali, mkulu wa mpingo. Ndisawanamizire poti anagona. Sanali mwa aja olanda mpaka masupuni. Bedi, mapoto, mipando ndi makina osokera anasiyira amayi. Anayamba ndi pemphero lalitali, kenako anati, "Aliyense wa kuchimuna atengeko chimodzi chokumbukira m'bale wathu. Pasakhale wonyamula ziwiri mnzake ali chimanjamanja." Anthu anavomera kuti mkuluyu ndi wachilungamo. Ndipo analidi.

Tivi inapita kwa atate aang'ono a ku Katete. Wailesi ya kaseti, pamodzi ndi matepi onse, inapita kwa azakhali a Esinati, mlongo wawo wa atate, poti ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi kumudzi. Kompyuta anaitembenuza uku ndi uku, naigwedeza pafupi ndi khutu, nagamula kuti ndi taipi yaing'ono. Inapita kwa msuweni wanga wina amene ankalemba matumba pa depoti ya chimanga.

Ine ndinali kumbuyo ndi ana anzanga, mutu wanga utangometedwa kumene, ukuzizira. Sindikudziwa miyendo inandiimiritsa bwanji.

"Atate aakulu, zimenezo zimagwira ntchito pamodzi."

Mwana salankhula pamphasa ya akulu. Koma atate aakulu sanakalipe.

"Zonse za m'nyumba zimagwira ntchito pamodzi, mwanawe. Mpando ndi tebulo, khasu ndi nkhwangwa. Nafenso tinkagwira ntchito pamodzi ndi atate ako. Khala pansi."

Ndinayang'ana amayi. Anali pakati pa azimayi, mpango wakuda kumutu. Ankadziwa zimene ndinkanena, iwo amene ankapukuta fumbi pa zingwe zija. Koma wamasiye tsiku limenelo alibe pakamwa. Anangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Pomaliza pamphasa panatsala kabokosi kolemera kaja ndi chingwe chake. Panalibe wodziwa ntchito yake, panalibenso wokafuna. Atate aakulu anakanyamula nati, "Mpatseni mnyamatayu, ndaona kuti amakonda zamakina." Anthu anang'ung'udza moyamikira kuti mkuluyu wakumbukira ngakhale mwana. Ine ndinagwada, n'kuwomba m'manja, n'kuthokoza.

Nyumba inali ya boma, choncho tinasamukira ku komboni ya Nabvutika. Sukulu inandithera mu Fomu wani, n'chifukwa chake Chingerezi changa chimathera pa moni. Kabokosi kanga kanapeza ntchito yotchinga chitseko kuti chisamenyetseke ndi mphepo. Mbiri ya zinazo inkafika pang'onopang'ono. Tivi anailumikiza ku batire ya galimoto, inatulutsa utsi, basi. Msuweni uja anafufuza poika pepala pa taipi yake osapapeza, naipatsa ana, anawo n'kuzula mabatani kuti azifufutira ku sukulu. Ine sindinataye mtima. Ndinkadziuza kuti tivi ndi tivi, makina ndi makina, zimagulidwa. Koma njinga ya atate inali pa tepi imodzi yokha pa dziko lonse, ndipo tepiyo inali bwinobwino kwa azakhali.

Itakwana nthawi yomanga chiliza tinapita ku Chipangali. Inali nyengo yofukula mtedza, pabwalo ponse pali fungo la dothi ndi masangwe ouma. Masana ena ndinapeza azakhali pansi pa mtengo wa mango ndi amayi a kwaya, atavala mipango yofanana. Wailesi ya atate inali pampando.

"Yotamu, bwera kuno. Iwe ndiwe wodziwa makina. Tikufuna kujambula nyimbo imene atate ako ankaikonda, tidzailize pa chiliza."

Masiku amenewo tepi yatsopano sinkapezeka m'sitolo. Azakhali anali atamvetsera matepi onse a atate. A nyimbo za Mulungu sakanawafufuta. A rumba anati ndi uchimo, komabe anawasunga. Anatsala ndi imodzi, imene anati ndi yowonongeka. Ndinasuzumira pa kawindo ka wailesi, ndinaona dzanja la atate.

"Azakhali, umo muli njinga ya atate."

Amayi aja anayang'anana. Wina ananong'ona kuti chisoni chamuzunguza mutu mwanayu. Azakhali anandikokera pafupi, nandisisita pamutu.

"Mwana wa achimwene anga, ndamvetsera ndekha kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mulibe njinga, mulibe mawu a munthu. Ndi nyenje zokhazokha."

"Nyenjezo ndiye njingayo."

"Iii, mayo ine. Tandionetsa ndiye."

Ndikanawaonetsa ndi chiyani? Tivi inapsa ku Katete. Mabatani anali m'matumba a ana a sukulu. Umboni wanga wonse unagawidwa pamphasa, mwachilungamo, ndipo gawo langa linali kutchinga chitseko ku Nabvutika. Ndinayesa kufotokoza za mbuzi za tinyenyezi. Ndikamalankhula ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati wodwala malungo.

"Basi, basi," anatero azakhali. "Nyamula wailesiyi pachifuwa, uyime pakatikati, kuti mawu alowe bwino. Usagwedezeke."

Ndinainyamula. Anadina batani lofiira ndi chala chachikulu, nakweza dzanja, nyimbo inayamba. Kawindo kaja kanali pansi pa chibwano changa penipeni. Ndinkaona timawilo tikuzungulira, tepi ikuchoka mbali iyi kupita mbali iyo, ndipo ndinkadziwa kuti apa wapita msewu, apa zapita mbuzi, apa lapita dzina langa. Chala changa chinali pafupi ndi batani loimitsa. Koma mwana angaimitse bwanji nyimbo ya atate ake, pamaso pa amayi onse aja? Ndipo ankaimba bwino, zoona. Misozi inatsikira pa wailesi. Azakhali ataiona anagwedeza mutu mokhutira kuti nyimbo yandifika pamtima, nakweza mawu.

Mabatire anali ofooka, choncho anaimba kamodzi kokha.

Zaka zinapita, imvi zinabwera. Azakhali anamwalira atakalamba kwambiri, ndipo pa tsiku lometa ine ndinali pamphasa ya akulu. M'chitini cha mabisiketi munatuluka tepi ija. Ndinati, "Iyi ndi yanga." Panalibe wotsutsa. Ndinadabwa kuti mawu omwewo amene analibe ntchito m'kamwa mwa mwana, m'kamwa mwa munthu wa imvi ndi lamulo.

Tsopano mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi a Mwale, okonza mafoni m'tauni muno. Munthu wabwino, koma ali ndi matenda. Loweruka lililonse iye ndi anzake amasonkhana kuseri kwa shopu yake ndi makina akale a masewera, ena otola m'makontena a salaula, kaunjika uja, ena oitanitsa kunja. Amawatsuka ndi mswachi, kuwawotcherera timawaya, kenako amuna andevu zawo, ena a maofesi, n'kumakuwa chifukwa kadontho kadumpha kadontho kanzake. Ndinkawaseka kwambiri. Tsiku lina ndinalowa kukatchajitsa foni, ndipo pa shelefu ndinaona kabokosi kakuda ka mabatani a labala.

"Apongozi, aka kamayaka?"

"Atate, sitikudziwa. Kanabwera kopanda cha magetsi chake, ndipo sichipezeka."

"Dikirani pomwepo. Musapite kulikonse."

Loweruka lotsatira ndinabwera ndi chotchingira chitseko changa ndi tepi. Anyamatawo anakapima kabokosiko ndi zipangizo zawo, nayang'anana, nakalumikiza. Makina anayaka. Mmodzi anavula chipewa. Ine ndinawauza kuti asadabwe, zinthu za kale sizinkafa ndi kutchinga chitseko.

Anaika tepi. M'kachipinda konunkha waya wopsa munamveka amayi a ku Chipangali, azakhali patsogolo, tambala akulira chapatali, ndi kufwenthera kwa mwana wina pafupi kwambiri ndi wailesi. Anyamatawo anayang'ana pansi. Nyimbo inatha, kunamveka kudina kwa batani, kenako: tswiii, krrr. M'mphepete mwa tivi munathamanga mizere. Ndinapezeka ndagwira dzanja la apongozi anga, chinthu chimene kwathu sitichita. Palibe amene anatsokomola. Nyenje zinalira pang'ono, n'kusiya. Tivi inangokhala mbee.

"Atate, chiyambi chake chinafufutika. Watsala mchira wokha."

"Simungausokerere? Inu mumadzutsa mafoni ogwera m'chimbudzi."

"Izi ayi, atate. Chimene chinalipo chinapita."

Anandipempha kuti ndiwafotokozere mmene masewerawo analili, ndipo anawalembanso. Ndi okongola. Mbuzi zake zili ndi miyendo. Ndinasewera, ndinagunda, ndinathokoza. Koma si mbuzi za atate.

Kwa zaka zambiri ndinkafunafuna woti ndimukwiyire, osamupeza. Atate aakulu anagawa mwachilungamo. Azakhali anafufuta chifukwa chokonda mlongo wawo. Panalibe wakuba pa nkhani yonseyi, koma chinthu chinafa ndithu, chifukwa ogawa ankaona zinthu zinayi pamene panali chinthu chimodzi, ndipo wodziwa zimenezo anali wamng'ono kwambiri kuti amveke. Lero ndikakhala pamphasa ya maliro, ndisanakhudze kanthu ndimaitana ana a malemu n'kuwafunsa kuti chiti chimayenda ndi chiti. Anzanga amati ndimachedwetsa anthu. Achedwe.

Za tepi ndi kabokosi kaja ndinawauza a Mwale kuti ndikadzafa adzaime pabwalo n'kunena kuti zimenezi sizisiyana.

"Atate," anatero, "mkamwini pamaliro salankhula. Ntchito yanga idzakhala kuwaza nkhuni."

Ananena zoona. Ndiye ndinazikulunga zonse m'chitenje chimodzi, n'kuwapatsa tsiku lomwelo, ndikadali ndi pakamwa. Pano Loweruka ndimapita kuseri kwa shopu kukasokoneza anyamata. Akatopa nane amandiikira tepi yanga. Ndimamvetsera azakhali mpaka amalize, poti nawonso ndinawasowa, kenako ndimakweza chala kuti pasakhale wogunda tebulo. Nyenje zija zayamba, atate akulankhula.