Tsiku Limene Kanyimbi Analowa Sitandade 3

Ndidziulule ndekha asanandiulule ena. Mpaka ndili ndi zaka khumi, ine ndinkakhulupirira kuti kanyimbi ukamunyamula kumchira, miyendo ili lendelende, mfuti yake ya fungo ija siwomba. Anandiuza ndi amalume, nkhope ili gwa ngati akulalikira. Mulungu awakhululukire, ine ndikadaganizabe.

Zimenezi zakumbukika Lamulungu lapitali kufulati kwathu kuno ku Thamesmead, kutsidya la nyanja. Mdzukulu wanga wamkazi, amene Chichewa amamva koma poyankha mpaka Chingerezi, anandisonyeza pafoni kanyama ka m'nkhalango za kumapiri a ku Asia. Kamphuno kosongoka, mawanga oyera kumaso, chakudya chake nyongolotsi, ndipo akuti katsala pang'ono kutha. Kusukulu anawauza kuti alembe za nyama zosowa. Ine ndinati, "Ameneyu ndi msuweni wake wa kanyimbi. Kanyimbiyo ndinaphunzira naye kalasi imodzi."

Ndinali Sitandade 3, ndipo linali dzinja, chimanga chikulekeza m'mawondo. Mudzi wathu unali m'tsinde mwa phiri lothithikana ndi mitengo ya mombo ndi masuku, moti mkati mwake masana munkachita kachisisira. Aphunzitsi ananena m'kalasi kuti akanyimbi ayamba kusowa, iwo papita zaka osaona ndi mmodzi yemwe. Ine pa masamu ndinali wotsiriza, pa Chingerezi wotsirizanso. Ndinati apa pokha ndiwaposa onse.

Ndinatchera khwekhwe kuphiriko, pa una wina pansi pa mwala, nyambo yake mbewa. Masiku awiri sanakole kanthu. Tsiku lachitatu m'mamawa, mame atanyowetsa kabudula, ndinamupeza: wakuda bii, mizere yoyera kumsana, wakodwa mwendo, wagona chagada, lilime panja. Ndinamugwedeza ndi kamtengo, zii. Wafa ameneyu. Ndinamunyamulabe kumchira monga mwa malangizo a amalume, n'kumuponya m'chikwama changa cha mabuku, chimene amayi anandisokera ndi thumba la feteleza. Kafungo kanalipo ndithu, koma ine sindinali mwana wokonda madzi, ndiye palibe anadabwa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kanyimbi amatha kunamizira kufa kuposa mwana wokana kupita kumunda. Tili mkati moimba matebulo a masamu, chikwama chinayamba kuyenda chokha. Mchira utangotulukira, ndinaugwira msanga n'kumukweza m'mwamba kuti onse aone. "Aphunzitsi, si uyu!"

Abale anga, mfuti ija imawomba ngakhale m'malere.

Fungolo musandifunse. Tengani mazira oola, muphatikize tayala loyaka, kenaka muzipake m'maso. Basi yodzaza m'chilimwe cha kuno ndi maluwa chabe. Misozi inangoti chuchuchu. Anzanga anatulukira pawindo, ndipo mtsikana wina wa pabenchi lakutsogolo, amene lero ndi mayi akunyumba, anandilumbirira kuti sadzandiyankhulanso. Nthawi zina amakwaniritsa.

Aphunzitsi okha ndiwo sanathawe. Anavula jekete lawo, lokhalo lopitira kutchalitchi, n'kumufunditsa kanyimbi pakona pomwe anabisala nditamutaya pansi. Atamutembenuza anandiitana, mphuno atatsina. "Ona mawere awa. Akuyamwitsa ameneyu. Wamutenga kuti?"

Ndinkadikira chikoti. M'malo mwake tinakwera phiri awiriwiri, mvula ikuwaza, iwo patsogolo ndi mtolo wawo wonunkhawo, ine ndikuterereka pambuyo. Njira yonse ankangobwereza kuti tiana tosayamwa tsiku lathunthu sitifika mawa. Nditalakwitsa njira kamodzi anandiyang'ana ndi diso limene sindinalione ngakhale pa masamu.

Pa una paja anamasula jekete. Mayiyo anatsimphina n'kulowa, kutsanzika ayi, zikomo ayi. Tinagwada n'kutchera khutu. Kwa kanthawi kunali zii. Kenaka pansi panamveka timawu tolira ngati anapiye. Aphunzitsi anaseka mpaka kukhala pamatope.

Jekete lija analikwirira. Malaya anga amayi anawawiritsa ndi phulusa kawiri konse, ndipo sabata yathunthu ndinkadyera panja, agalu omwe akundilambalala. Amalume ankangoti mwina ndinagwira mchira molakwika. Ine ndinkadzifunsa kuti munthu wophunzira bwinobwino angatayirenji jekete chifukwa cha kanyama kosadyeka. Yankho sindinalipeze chaka chimenecho, ndipo sukulunso sindinakhalitseko.

Mdzukulu anaseka mpaka kutsamwa. Atapuma anafunsa ngati akanyimbiwo alipobe. Ndinati, "Ambirimbiri! Zidzukulu za mayi yemwe uja." Iye n'kulemba m'kope.

Madzulo, mdzukulu ndi makolo ake atapita kukakwera basi, mayi akunyumba ankasita yunifolomu yawo ya kuntchito yosamalira okalamba. Anayankhula maso ali pansalu.

"Nkhaniyo mwaikometsa, bambo. Koma mawa mumuimbire mwanayo asanakapereke bodza kusukulu. Mumuuze kuti paphiri paja lero palibe ndi mthunzi womwe, ndipo amene anayamba kuotchapo makala ndi inu, pofuna kundigulira diresi la ukwati."